Zikomo anthu akwathu, chiliza cha amayi chatheka

Ndalonjera nonse, akumudzi ndi akutali omwe. Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha amayi athu kumudzi kwathu, kuseri kwa Lirangwe, ndipo mwambo wonse unayenda bwino. Pa tsikulo anandipatsa mpata woti ndiyankhule m'malo mwa ana, koma nditangoti "zikomo amfumu" pakhosi panatsekeka, mpaka amalume anachita kundikoka chitenje kuti ndikhale pansi. Ndiye zimene ndinalephera kunena pamanda paja ndilemba pano. Amene muli ndi foni mukawawerengereko agogo athu amene alibe.

Amayi anatisiya mu January 2021, m'masiku aja Covid anafika povuta. Mukukumbukira kuti pa 12 January nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, a Pulezidenti Chakwera n'kulengeza kuti dziko lili pa ngozi. Amayi anatsikira kuli chete sabata yotsatira. Ine ndinali ku Joni kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo boma la South Africa linali litangotseka zipata za pamtunda, Beitbridge yomwe, mpaka pa 15 February. Mabasi amene amatidutsitsa ku Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kudzalowa pa Mwanza anali ataima. Ya ndege ndikanaitenga kuti? Maliro a mayi wondibereka ndinawalira ndekha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana, nditaluma pilo kuti ana awo asadzuke.

Anamwalira usiku, ndipo m'mawa mwake dzuwa lisanafike pamutu anali ataikidwa kale. Panalibe kugona pasiwa, panalibe kuona nkhope, amayi anzawo a Mvano sanaloledwe kuwasambitsa kapena kuwaveka yunifomu yawo. Achimwene ananditumizira chithunzi chimodzi chokha: anthu azaumoyo atavala zobisa thupi lonse, ndi mulu wa dothi lonyowa. Nditachiona ndinapsa mtima. Ndinajambula mawu pa WhatsApp n'kuwatumizira achimwene, amvekere: "Mwawakwirira amayi ngati nkhuku yofa ndi chitopa. Mudzi wonsewo, munthu amene sanajombeko pa maliro a wina aliyense!" Mawu amenewo sanathere m'foni ya achimwene. Anayenda, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu munawamva. Palibe amene wandikumbutsa chibwerereni, ngakhale mmodzi, koma ineyo sindinaiwale. Ndinalakwa. Pepani amfumu, pepani mudzi wonse.

Zimene zinachitikadi m'mawa umenewo ndazimva tsopano lino, titakhala pamphasa tikusenda anyezi. Anthu anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali oona, chifukwa wailesi inkangolengeza maliro m'mawa ndi madzulo. Uthenga utafika kwa amfumu, anaitana adzukulu monga mwa nthawi zonse. Anabwera anayi okha. Mvula inali itagwa usiku wonse, dzenje likamapita pansi madzi n'kumalowamo, iwo n'kumakapa ndi ndowa. Kukamwa anali atamanga tizidutswa ta chitenje. Pamwambo wathu adzukulu amadyera kumanda komweko, nsima yawo imapita yoyamba, koma tsikulo pakhomo sipanasonkhedwe moto chifukwa boma linali litaletsa anthu kuunjikana. Anakumba, anadikira galimoto, azaumoyo atatsitsa bokosi iwo anafotsera, n'kubwerera kwawo ndi njala. Mmodzi mwa iwo mkazi wake anamuuza kuti agone kukhitchini sabata yathunthu.

Ndinapita kukawaona anthu anayiwa mmodzimmodzi, aliyense pakhomo pake. Wamkulu wawo, nditayamba kupepesa, anandidula mawu. Anati, "Achemwali, amayi anu anatiphikira pa maliro angati? Tikanawasiya pamtunda?" Basi n'kuyamba kundifunsa za ku Joni, ngati n'zoona kuti kumeneko manda amachita kugula.

Adzukulu timawanena kwambiri. Timati amavuta, amafuna ndiwo zankhuli, amanyanyala kukumba ngati woferedwayo sabwera pa maliro a anzake. Inenso ndinali m'gulu la owanena. Lero sindingatsegulenso pakamwa. Inu abambo anayi, maina anu sindilemba pano chifukwa mwandiletsa, koma mudzi ukukudziwani. Zikomo.

Zikomonso kwa mayi oyandikana nafe nyumba. Ndinkaopa kuti ndikadzafika sindidzapazindikira pamene agona amayi, pakuti panalibe mtanda, panalibe nkhata, ndipo dzinja linadutsa kanayi. Ndinapeza mtumbira uli woyera, wozingidwa ndi miyala, kumutu kuli maluwa. Chaka chilichonse amfumu akalengeza tsiku lolambula kumanda, mayiwa ankayamba apalira pa amuna awo, kenako n'kusunthira pa amayi. Palibe anawatuma. Nditawafunsa anangoti ankabwerekana mchere zaka zambiri, ndiye sakanatha kuwadutsa ngati sakuwadziwa.

Ena mwakhala mukufunsa, mwina mokoma mtima mwina ayi, kuti chiliza chachedweranji chonsecho mwana ali ku Joni. Ku Joni ndalama sitichita kutola pamsewu, abale anga. Ndinayamba kutumiza pang'onopang'ono pa Mukuru, achimwene n'kumasunga. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa khoma la nyumba imene amayi anasiya, mmene mukukhala mng'ono wanga ndi ana ake, ndipo ndalama yonse ya chiliza inathera pamenepo. Sindidandaula, anzathu a ku Chilobwe, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe anataya anthu, ena mpaka lero alibe ndi mtumbira womwe woti akaikepo nkhata. Titayambiranso, mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Anthu ankati ine ndiye ndalemera chifukwa ma rand ayamba kusinthika zambiri, osadziwa kuti simenti inathamanga kuposa ma rand angawo.

Kenako m'chaka cha 2024 mvula inadula chimanga chili pamimba. Mu March boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, ndipo kwathu kuno ambiri sanakolole zofika ndi June yemwe. Amalume, monga mwini mbumba, anatiitana ife ana n'kunena kuti, "Ana inu, tingomanga chiliza mwakachetechete, abusa apemphere, basi. Sitingaitane anthu kudzadya chaka chanjala, komanso sitingawaitane osawapatsa kanthu." Tinavomera. Koma nkhani itafika kwa amayi a m'mudzi, anakana. Akuti amayi anaikidwa popanda nyimbo, ndiye ulendo uno nyimbo ziimbidwa, nsima iphikidwa, wafuna asafune. Kuyambira Lolemba anayamba kufika, wina kambale ka chimanga, wina nandolo wa m'manja awiri, wina mtolo wa nkhuni, wina chimera cha thobwa. Mayi wina amene ndikudziwa bwino kuti ana ake akudya kamodzi patsiku anabwera ndi kambale ka mgaiwa atakabisa m'chitenje. Ndinafuna kukabweza, alamu anga n'kunditsina. Anati ukabweza wamutukwana, maliro n'kulirana. A banki m'khonde imene amayi ankasungako anatipatsa mbuzi. Lachisanu usiku pakhomo panali mafuwa ponseponse, utsi uli tolotolo, amayi akuvundula thobwa m'migolo uku akuimba, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni amayi ndinagona pansi pakati pa anthu, monga ndinayenera kugonera mu 2021.

Tsopano nkhani ya chaka chobadwa, imene inatsala pang'ono kutiyambanitsa. Mmisiri atamaliza kupaka pulasitala anati timuuze zolemba simenti isanaume. Tsiku lomwalira tonse tikulidziwa. Nanga lobadwa? Chitupa cha unzika chimene amayi anapangitsa pa kalembera wa 2017 chikuti 1952, koma ine ndinalipo pa foni tsiku limenelo pamene ankaseka kuti anangotchula chaka chimene chinabwera m'mutu. Khadi la kumpingo linanyowa ndi Freddy, inki yonse inabalalika. Achimwene ati tilembe za pachitupa, ine ndati ayi, amalume ati iwo ndi aang'ono kwa amayi ndiye sanaone. Mmisiri ali chiimire ndi kamtengo kake kolembera, n'kumawaza timadzi pa simenti kuti isagwire.

Mdzukulu wina ndiye anathamanga kukatenga agogo aja a kutsidya kwa mtsinje, amene tsopano amayenda ndi ndodo ziwiri. Anabwera pa kabaza atawagwirira kumbuyo. Atawakhazika pa njerwa n'kuwafotokozera, anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Iwe mwanawe, mayi ako anabadwa chaka cha njala. Ine ndinali kamtsikana kotha kubereka mwana kumbuyo. Agogo ako mkaka sunkatuluka, tinkamumwetsa madzi a phala la gaga, ndipo anthu ankati sakhala moyo ameneyu." Njala imene ankanena ndi ya 1949, imene inasautsa kwambiri dera lino la Blantyre, kuno ku Lirangwe ndi Lunzu, nthawi ya atsamunda. Akuti abambo ambiri anachoka kukasaka chakudya kwina, ena osabwereranso, amayi n'kumakumba mizu kutchire. Mmisiri analemba 1949. Ineyo ndinaima pambali n'kumaganiza kuti munthu anabadwa chaka cha njala, chiliza chake tikumanganso chaka cha njala, ndipo maulendo onse awiri wasungidwa ndi timbale ta anthu ena.

Agogowo sanalole kubwerera msanga. Anati poti afika kumanda, ndipo mwina ulendo wina adzabwera atanyamulidwa, tiwayendetse. Amfumu analola. Tinawagwira uku ndi uku, iwo n'kumaloza ndi ndodo: apa pagona amayi awo a agogo anu, apo pamene pamera mtengo wa mthethe ndi mlongo wawo amene anabwera akudwala chifuwa kuchokera ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, timitumbira itatu tafafanizikato ndi ana a chaka cha njala chomwecho. Malo ena ife tinkangopondapo poyesa ndi chulu chakugwa. Mwana wa achimwene, amene ali Fomu 2, anang'amba pakati pa kope lake n'kuyamba kulemba dzina lililonse ndi mtengo kapena mwala umene lili pafupi nawo. Anadzaza masamba atatu. Mabanja ena atamva anabwera kudzafunsa za anthu awo, mpaka dzuwa linapendeka tili komweko. Pepalalo talijambula pa foni, ndipo lenilenilo lili kwa amfumu. Amene mukufuna kuona pamene pagona anthu anu, kafunseni kumeneko. Agogo, Mulungu akusungeni. Shuga ndi sopo zija n'zochepa.

Ndithokoze amfumu athu potipatsa chilolezo cholowa kumanda sabata yonse, komanso poyankhula mawu amene anandimasula, oti mudzi sunasunge mangawa ndi ine. Abusa ndi akulu a mpingo, zikomo. Amayi a Mvano, munabwera m'mabulauzi anu oyera ngati kuti maliro ndi a dzulo, n'kuimba nyimbo zonse zimene amayi anamanidwa tsiku lija. Pamene mtsogoleri wanu anatenga duku loyera la amayi n'kuliyala pachiliza nsalu isanachotsedwe, ndi pamene mawu anandithera. Anzathu a Chikatolika ndi Asilamu a m'mudzi muno munali nafe kuyambira pa nkhuni mpaka potsuka miphika. Mbuzi anazinga ndi m'bale wathu wa Chisilamu kuti aliyense adye momasuka. Anyamata amene munatuta mchenga kumtsinje ndi madzi kumjigo, mmisiri amene unadikira simenti ikuuma ife tikukangana osatilipiritsa zoonjezera, nonsenu zikomo.

Anzanga a ku Joni a m'gulu lathu la pa WhatsApp, limene timasonkherana wina akamwalira kuti thupi lipite kumudzi, malamulo athu sanena za ziliza, koma munasonkhabe. Tikiti ya basi yobwerera kuno munagula ndinu. Ndikubweretserani thobwa ngati sakandilanda pa Beitbridge.

Achimwene, inu ndasiyira kumapeto dala. Munathamanga nawo amayi kuchipatala usiku, munaima nokha pamanda, kenako munalandira mawu anga aja. Simunandiyankhe tsiku limenelo, ndipo mwezi wotsatira munandiimbira foni n'kundifunsa ngati ndikudya. Ndilibe mawu okwanira. Njinga ija ndinalonjeza ibwera Khirisimasi isanafike.

Pomaliza, pakhomo patsala mbale ziwiri zachitsulo, chipande chimodzi chachikulu chothyoka kunsonga, ndi chitenje chobiriwira chimene wina anafunditsa mwana pakhonde. Eni ake akatenge kwa mng'ono wanga. Poto wamkulu wa kumpingo tibweza Lachitatu tikamaliza kumukwecha, wapserera pansi. Ine ndinyamuka Lachisanu m'mawa, ndipo Lachinayi lonse ndili pakhomo kwa amene ndisanaonane nawo.