Alkalinity ndiye woyamba kuyang'anira mu thanki ya makorali

Mu thanki ya madzi a m'nyanja yamchere muli manambala ambiri oyeza, koma si onse amene amafulumira kusintha. Calcium ikhoza kukhala sabata yathunthu osaoneka kuti yasuntha, pamene alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, yochokera makamaka ku bicarbonate ndi carbonate) imagwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndi imene imayamba kupha makorali a mafupa olimba monga Acropora. Chifukwa chake n'chakuti korali akamamanga chigoba chake cha calcium carbonate, pa 2.8 dKH (muyezo wa alkalinity) iliyonse amatenga 20 ppm (magawo pa miliyoni) yokha ya calcium. Madzi a m'nyanja ali ndi calcium pafupifupi 420 ppm koma alkalinity yake ndi pafupifupi 7 dKH. Choncho nkhokwe ya calcium ndi yaikulu, ya alkalinity ndi yochepa zedi.

Musanakhudze botolo lililonse la mankhwala, tsimikizani kaye mchere. Mulingo wake ndi 35 ppt (magawo pa chikwi), kapena 1.026 pa specific gravity (kulemera kwa madziwo poyerekeza ndi madzi opanda mchere). Mchere ukatsika, calcium ndi magnesium zimatsikira limodzi, ndipo munthu amayamba kuthira mankhwala pomwe vuto ndi madzi osukuluka chabe. Refractometer, choyezera mchere, muziyikonza ndi madzi oyezera a 35 ppt, osati madzi opanda mchere, chifukwa zambiri mwa zotsika mtengo zimanama pang'ono mukazikonzera pa ziro. Madzi akaphwera chifukwa cha kutentha, mchere umatsala momwemo, ndiye obwezera akhale opanda mchere, osefedwa ndi makina a RO/DI (ochotsa zosungunuka m'madzi) mpaka mita ya TDS, yoyeza zosungunukazo, iwerenge 0. Madzi a pampopi kapena a pamjigo amabwera ndi phosphate ndi silicate, nthawi zina ndi kopa wochokera m'mapaipi, ndipo kopa ndi poizoni kwa makorali, nkhono ndi tinkhanu.

Chachiwiri ndi magnesium, yomwe iyenera kukhala pakati pa 1250 ndi 1350 ppm. Ntchito yake ndi kuletsa calcium ndi carbonate kugwirana zokha m'madzi. Ikachepa, mumathira calcium alkalinity n'kugwa, mukathira alkalinity calcium n'kugwa, kwinaku hita ndi mkati mwa pampu mukumera chikhungwa choyera cholimba. Mukaona zizindikiro zimenezi, yezani magnesium musanachite china. Kuikweza kumadya mankhwala ambiri: pafupifupi magalamu 84 a magnesium chloride hexahydrate amakweza 100 ppm m'malita 100. Gawani muyezo umenewu pa masiku atatu kapena anayi.

Tsopano alkalinity yeniyeniyo. Paliponse pakati pa 7 ndi 9 dKH ndi pabwino, bola nambala imene mwasankhayo isamayendeyende. Thanki yokhazikika pa 7.5 imakula bwino kuposa imene lero ili pa 7, mkuja pa 10. Kuti mudziwe mlingo wothira, yezani mmene thanki yanu imadyera. Siyani kuthira chilichonse, yezani lero, muyezenso patatha masiku atatu, pa ola lomwelo. Tiyerekeze kuti muli madzi okwana malita 200, ndipo nambala yachoka pa 8.0 kufika pa 7.1. Ndiye kuti pa tsiku ikudya 0.3 dKH. Powerengera malita, chotsani malo amene miyala ndi mchenga zatenga. Thanki yolembedwa malita 250 kawirikawiri simukhala madzi okwana 250.

Mankhwala ake si achilendo. Ndi soda yemweyu wothira m'therere, sodium bicarbonate, koma musasokoneze ndi baking powder chifukwa mmenemo muli asidi ndi sitachi. Magalamu atatu a soda amakweza 1 dKH m'malita 100, ndiye thanki ya chitsanzo chathu ikufuna magalamu 1.8 pa tsiku. Musungunuleni m'madzi a RO/DI, muthire pang'onopang'ono pamene madzi akuthamanga kwambiri, monga mu sampu (kathanki kosefera ka pansi pa thanki yaikulu) pafupi ndi pampu yobwezera. Ngati nambala yagwa kwambiri, musaikweze kupitirira 1 dKH pa tsiku. Kukweza mwadzidzidzi kumasenda mnofu wa korali, ndipo zotsatira zake nthawi zina zimaoneka patapita masiku, mwini wake ataiwala kale zimene anachita.

Calcium ya thanki yomweyi imatsika pafupifupi 2 ppm pa tsiku, kusintha komwe zoyezera za kunyumba monga Salifert sizingakuone. N'chifukwa chake calcium amaithira motsatira alkalinity, osati motsatira kuyeza kwa tsiku ndi tsiku: pa thanki ya chitsanzo chathu ndi magalamu pafupifupi 1.5 a calcium chloride dihydrate pa tsiku. Kuyeza kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri kwakwana, kungoona kuti ili pakati pa 400 ndi 450. Mabotolo awiriwa asakumane. Mukathira soda ndi calcium chloride malo amodzi nthawi imodzi, madzi amachita mbuu ngati mwathiramo mkaka, zonse ziwiri n'kuwonongeka. Siyanitsani ndi mphindi zosachepera khumi, kapena chimodzi m'mawa china madzulo. Njira imeneyi imasiya sodium ndi chloride m'madzi, motero mchere umakwera pang'onopang'ono. Uyezeni sabata iliyonse posintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi.

Za pH, muyezo wa asidi m'madzi, anthu amada nazo nkhawa mopitirira muyezo. Pakati pa 7.8 ndi 8.3 palibe vuto, ndipo imatsika usiku nyali zikazima. Ikakhala yotsika pomwe alkalinity ili bwino, wolakwa ndi mpweya wa carbon dioxide wodzadza m'nyumba yotseka mawindo. Tsegulani zenera, kapena kokerani kunja paipi yopumira ya protein skimmer (makina ochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu). Mabotolo olembedwa kuti amakweza pH ambiri ndi alkalinity yomweyo m'dzina lina, ndipo kuwathira tsiku lililonse kumakufikitsani pa 12 dKH osadziwa. Njira yabwinoko ndi kuwotcha soda mu uvuni pa 150°C kwa ola limodzi kuti asanduke sodium carbonate, yemwe amakweza pH. Kumbukirani kuti akawotchedwa amapepuka, ndiye galamu iliyonse imakhala yamphamvu kuposa kale. Ina ndi kalkwasser, madzi a calcium hydroxide, masupuni a tiyi awiri pa malita pafupifupi anayi. pH yake imapitirira 12, choncho amadonthezedwa usiku m'malo mwa madzi obwezera, osakhuthulidwa.

Nitrate ndi phosphate zisafike pa ziro. Nitrate ya 2 mpaka 10 ppm ndi phosphate ya 0.03 mpaka 0.1 ppm zimadyetsa ndere zokhala m'thupi la korali. Mukazichotseratu, makorali amayezuka, mchenga n'kukutidwa ndi ma dinoflagellate, tizamoyo ting'onoting'ono tonga ndere, totelera ta bulauni. Ngati madzi anu ali osowa zakudyazi chonchi, alkalinity isapitirire 8 dKH, chifukwa chigoba chimakula mofulumira kuposa mnofu, ndipo nsonga za Acropora zimayera ngati zapsa. Zikatero, siyani kuthira soda mpaka nambala itsike yokha, ndipo onjezerani pang'ono chakudya cha nsomba.