Injera ndi buna ku Addis Ababa: pamene maphunziro afika

Pophunzira kuphika zakudya za ku Ethiopia, shiro, ndiwo ya ufa wa nchana, sivuta, munthu amaidziwa msanga. Zimene zikudya nthawi m'makhitchini a ku Addis Ababa ndi injera ndi khofi, chifukwa zonse ziwiri sizifuna phuma.

Injera, mkate wosasa wopyapyala umene amadyera ndiwo, amapangira ufa wa teff, mbewu yaing'ono kuposa mawere. Muyeso umene ukuyenda bwino ndi makapu 4 a ufa, makapu 5 a madzi ndi theka la kapu ya ersho, madzi achikasu amene amayandama pamwamba pa ufa wosasa wa ulendo wapita. Vindikirani, musiye masiku 2 kapena 3. Addis Ababa ili pamtunda wopitirira mamita 2,300 ndipo usiku kumazizira, choncho kusasa kumachedwa. Kumalo otentha masiku 2 ndi okwanira, mukapitirira imawawasa mpaka kuluma lilime.

Ambiri amadumpha absit, pomwe chinsinsi chagona pamenepo. Mukatsanula madzi a pamwamba, tungani kapu imodzi ya ufa wosasawo, muuthire m'makapu 3 a madzi owira, mutakase mpaka likhale phala. Lizizire kufika pofunda, kenako mulibwezere mu ufa uja. Mukalithira likadali lamoto mumapha zofufumitsa zonse. Dikirani ola limodzi kapena awiri mpaka thovu likwere. Pothira pa mitad, chiwaya chachikulu chadothi, yambirani m'mphepete mukuzungulira kulowa pakati. Musavindikire msanga: timabowo, timene anthu a ku Ethiopia amatitcha maso, tiyambe tatuluka pafupifupi paliponse, ndiye muvindikire kuti nthunzi ipsetse pamwamba. Injera satembenuza. Ikatuluka yosalala yopanda maso, ndiye kuti ufa sunasase mokwanira kapena chiwaya sichinatenthe. Ikamamatira, chiwaya sichinapukutidwe bwino pakati pa injera ina ndi inzake.

Khofi, amene amati buna, amayamba ali wosakazinga. Tsukani theka la kapu ya njere, muchotse makoko, muzikazinge pachiwaya chafulati pa mbaula ya makala mukutakasa osaleka. Zimayamba zachikasu, kenako zimathetheka, kenako zimada n'kuyamba kunyezimira mafuta. Phulani pamenepo. Moto ukachuluka zimapserera kunja m'kati muli mwamuwisi, khofi wake amawawa komanso kununkha utsi. Wokazinga amazungulira ndi chiwaya kuti alendo akokere fungo kumphuno ndi dzanja. Mlendo asachite manyazi, kukana fungolo ndiye kupanda ulemu.

Njerezo amasinja mu mukecha, kamtondo kakang'ono, n'kuthira mu jebena, mphika wadothi wa khosi lalitali. Khofi akangokwera m'khosi, phulani, muike jebena mopendekeka pakankhata kake kwa mphindi 3 mpaka 5 kuti zosinjazo zidikhe. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaonongera, amathira nthawi yomweyo ndipo kapu imadzaza nsenga. Pothira, kwezani jebena m'mwamba pang'ono, muthire mu sini, timakapu topanda chogwirira, osadukiza komanso osaigwedeza.

Amamwa maulendo atatu: abol, tona ndi baraka, ndipo ulendo uliwonse amangoonjezera madzi pa khofi yemweyo, choncho wachitatu amakhala wopepuka. Pambali pamafuka lubani, pansi amayala udzu wauwisi, anthu akutafuna mbuliwuli kapena kolo, balere wokazinga. M'tauni amathira shuga, ena kamtsamba ka tena adam, pomwe madera ena akumidzi amathira mchere kapena batala. Mukaitanidwa, konzekerani kukhala ola lathunthu kapena kupitirira, chifukwa kunyamuka mutangomwa abol sikusangalatsa mwini nyumba.

Chotsatira pa maphunzirowa ndi doro wat, ndiwo ya nkhuku. Nkhuku amaidula nthuli 12, ndipo anyezi wambiri amayamba kuphikidwa yekha mumphika wopanda mafuta mpaka atafewa n'kufiirira, asanathiremo niter kibbeh, batala wosungunula pamodzi ndi zonunkhiritsa, ndi tsabola wa berbere. Osaikonzera Lachitatu kapena Lachisanu, pakuti Akhristu a Orthodox amasala nyama, mazira ndi mkaka masiku amenewo.