Mmene ndinadutsira m'diripi ya paclitaxel

Mankhwala amene anandilembera pa khansa ya m'bere dzina lake ndi paclitaxel. Amalowa kudzera m'diripi, ndipo ine ndinkalandira pakatha masabata atatu aliwonse. Ulendo unkayambira pa Kamuzu Road kuno ku Salima kunja kusanache, pa minibasi mpaka ku Lilongwe, kabuku ka kuchipatala kali m'chikwama, achemwali anga ali pambali. Musapite nokha, chifukwa pobwerera mumakhala muli ndi tulo tosaneneka.

Mukafika amayamba ayeza magazi. Asilikali a m'thupi akapezeka ochepa amakubwezani kuti mudzabwerenso, ndipo zimawawa ukaganiza za ndalama ya thiransipoti, koma amatero pofuna kukutetezani. Magazi akakhala bwino, amakupatsani kaye mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa dexamethasone ndi mankhwala a ziwengo. Amenewa musawaone ngati ongowonjezera. Paclitaxel sasungunuka m'madzi, choncho amamusakaniza ndi zinthu zochokera ku mafuta a nsatsi, ndipo matupi ena amakana msanganizo umenewu. Kukanako kumabwera msanga, kawirikawiri m'mphindi 10 kapena 15 zoyambirira, pa ulendo woyamba kapena wachiwiri.

Kwa ine kunabwera pa ulendo wachiwiri. Nkhope inatentha, pachifuwa panathina, msana unayamba kuwawa cham'munsi, mpweya ukuvuta kukoka. Anamwino anali atandiuziratu kuti, "Amayi, mukangomva chachilendo chilichonse, ngakhale kuyabwa, mundiitane." Ndinakweza dzanja, achemwali n'kuthamanga kukawatenga. Anatseka diripi nthawi yomweyo, anandibaya jakisoni, n'kumandiyeza BP pafupipafupi. Thupi litakhazikika, adokotala analola kuti ayambirenso, koma madontho akugwa pang'onopang'ono, ndipo ndinamaliza.

Ambiri a ife tinaleredwa kuti kuchipatala sudandaula, umapirira, usatopetse anamwino amene ali ndi odwala ambiri. Pa mpando wa diripi ulemu umenewo ungakuphetseni. Pakhosi pakayamba kutupa, nthawi yodikira kuti mwina zisintha palibe. Nenani, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'kabuku kanu kuti aliyense wodzakuthandizani mtsogolo adziwe.

Zina zimakupezani muli kunyumba. Pakapita masiku awiri kapena atatu, miyendo ndi mfundo zimaphwanya, kenako zimasiya. Tsitsi limayamba kuthothoka pakatha masabata awiri kapena atatu. Ine ndinangometa n'kumavala duku, ndipo linameranso nditamaliza mankhwala. Zilonda za m'kamwa ndinkazichukucha ndi madzi owiritsa othira kamchere, chakudya chikakanika ndinkamwa phala pang'onopang'ono.

Chimene ndikufuna anzanga a m'mbali mwa nyanja amvetsetse ndi nkhani ya kutentha thupi. Kuno thupi likatentha, aliyense amati ndi malungo, n'kutuma mwana kugolosale kukagula Panado. Koma pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 mutalandira diripi, asilikali a m'thupi amakhala atatsikiratu, ndipo kachilombo kochepa kangathe kulowa m'magazi n'kukugwetsani tsiku lomwelo. Panado amangoziziritsa thupi, matenda ali m'kati akukula. Gulani choyezera kutentha kwa thupi kufamase. Chikafika pa 38, kapena mukayamba kunjenjemera, pitani kuchipatala cha boma ngakhale pakati pa usiku, ndipo mawu oyamba kuwauza akhale akuti mukulandira mankhwala a khansa, n'kutchula tsiku limene munalandira komaliza. Ayeze malungo, inde, koma ayezenso magazi. Ine zitandichitikira, malungo sanapezeke. Anandigoneka n'kundipatsa mankhwala opha tizilombo kudzera m'mtsempha. Kuyambira pamenepo neti sindinkaisiya, ndipo kumaliro ndi kumsika ndinkatuma ena masiku amenewo, ngakhale achibale ena sankamvetsa.

Dzanzi la m'zala ndi kumapazi lokha ndi limene limabwera mwakachetechete n'kumakula ulendo uliwonse. Ndinazindikira nditayamba kulephera kumanga mabatani a bulauzi ndi kusankha mpunga. Ndinawauza adokotala pa ulendo wotsatira, iwo anachepetsa mlingo wa mankhwala. Mukabisa, misempha imatha kuwonongeka osabwereranso. Mpaka pano zala za kumapazi sizimva bwinobwino, ndiye sindiyenda opanda nsapato, ndipo madzi osamba ndimayamba ndawayesa ndi chigongono.