Zikomo kwa amene anayang'ana nkhope ya akazi anga

Abale ndi alongo amene mwakhala mukundiimbira foni ndi kundifunsa pano pa Facebook, amake mwana ali bwino ndipo mwana ali bwino. Dzulo tinali kusikelo ya masabata 6, BP yatsika, ndipo kamtsikana kathu kamene kanabadwa kosakwana makilo awiri tsopano kakuyamwa ngati kali pa ganyu. Ena mwa inu sindingathe kukufikani pakhomo, ndiye ndati ndithokozere pompano.

Ndiyambe ndi mayi wa SMAG wa m'mudzi mwathu muno ku Katete. Dzina sinditchula, sakonda zotamandidwa pagulu. A SMAG ndi anthu odzipereka a m'midzi amene anaphunzitsidwa kuyang'anira amayi oyembekezera, ndipo ambirife timangowaona akudutsa ndi kabuku kawo osadziwa kuti amagwira ntchito yanji.

Mimba itapitirira miyezi isanu ndi iwiri, nkhope ya akazi anga inayamba kudzaza. Poyamba anthu ankawayamikira kuti anenepa, mimba yawakonda, ena n'kumati mwina ndi amapasa. Kenako zikope zinayamba kutupa m'mawa mpaka maso kuchepa, mphete inakana kutuluka kuchala, mutu osasiya kuwawa. Apa mawu anasintha. Ine ndine mkamwini, ndipo ndimachoka m'bandakucha ndi njinga kukagulitsa tomato ku Boma, kubwera dzuwa litalowa. Mukudziwa kale zimene zinanenedwa: ndi mdulo, mwamunayu wayenda kunja. Ankhoswe anaitanidwa, anandikhazika pansi kuti ndiulule kumene ndinapita. Ndinalibe choulula, ndipo kukhala chete kwangako ankati ndi kuuma mtima.

Mayi wa SMAG uja anatipeza tili pabwalo pomwepo. Sanatsutsane ndi aliyense. Analowa m'nyumba, anawatulutsa akazi anga n'kuwakhazika pamphasa poyera, anawagwira chibwano n'kutembenuzira nkhope kudzuwa. Anakoka chikope cham'munsi kuona ngati magazi alipo okwanira, anadina chala pamwendo, dzenje n'kutsala pomwepo osabwerera. Anafunsa ngati maso akuona chifunga kapena timoto tothwanima, ndi ngati pansi pa nthiti chakumanja pakuwawa. Zonsezo zinalipo, koma palibe amene anali atafunsapo. Ndiye anauza apongozi anga kuti, "Amayi, mlandu wa akamwini anuwa mukamba mawa, suthawa. Koma awa lero agone kuchipatala." Mayi, kulikonse kumene mukuwerengera, kapena amene akukuwerengerani, Mulungu akudalitseni.

Ndithokozenso anesi a pakiliniki yathu. Atayeza BP anayezanso kachiwiri, inali itapitirira 160 pa 110. Anaviika kapepala mumkodzo, kanasintha mtundu, akuti zikutanthauza kuti impso zikutaya mapuloteni. Ali mkati moimbira ambulansi anapeza mpata wondifotokozera. Matendawa madokotala amawatcha pre-eclampsia. Amabwera mimba ikapitirira masabata 20, kawirikawiri pa mimba yoyamba ngati yathuyi, ndipo gwero lake ndi nsengwa imene sinakhazikike bwino m'chiberekero. BP ya mayi woyembekezera ikafika 140 pa 90 ndiye kuti pali vuto kale. Kutupa mapazi madzulo kumachitikira amayi ambiri ndipo pakokha sikuopsa, koma nkhope ndi manja zikatupa mwadzidzidzi, mutu n'kumawawa, maso n'kumachita chidima, munthu angathe kugwa n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu, ndipo apo mayi ndi mwana yemwe amatha kupita. Ndinawafunsa, monga munthu wokhala ndi mlandu kumudzi, ngati khalidwe la mwamuna lingayambitse zimenezi. Anangoseka n'kunena kuti ndinyamule chikwama.

Ku chipatala cha St Francis anatilandira usiku. Anawabaya magnesium sulphate woletsa kuphupha, mankhwala amene akazi anga akuti amatenthetsa thupi lonse, ndipo majakisoni ake a m'matako sadzawaiwala. Usiku wonse anesi ankabwera kudzawerenga mpweya, kuyeza mkodzo umene watuluka, ndi kugogoda pabondo kuona ngati mwendo ukudumpha, chifukwa mankhwalawa akachuluka m'thupi mwendo umasiya kuyankha. Ine ndinkangoonera pakhomo. Dokotala anandiuza mosabisa kuti mankhwala akungogula nthawi, matendawa satha mpaka mwana ndi nsengwa zituluke. Anachita opaleshoni mwezi wobadwira usanakwane. Madokotala, azamba, ndi bambo amene munkakankha bedi uku mukundilimbitsa mtima m'Chinsenga, zikomo kwambiri.

Tsopano apongozi anga. Ena mwandilembera kuti ndiwanyoze pano, ndipo sindichita zimenezo. Iwo anaona kuti nkhope ya mwana wawo si yabwino pamene ena tonse tinkati wanenepa, ndipo anathamangira kumene anaphunzitsidwa kuthamangira. Ndi iwo amene anagona pansi m'chipatala nthawi yonseyi, kuphika phala, kuchapa, ndipo pamene amake mwana anali asanathe kudzuka chifukwa cha bala, ndi iwo amene anamangirira kamwanako pachifuwa ndi chitenje, kuja amati kangaru, kuti katenthedwe. Za mdulo sanazitchulenso. Kupepesa sanapepese, koma tsiku limene tinabwerera kumudzi anandiphera tambala, ntchafu zonse ziwiri n'kuika m'mbale yanga. Amayi, ndamva.

Anesi anatichenjeza kuti BP yotereyi ingathe kukweranso ngakhale mwana atabadwa kale, n'chifukwa chake sitinaphonye sikelo. Anatinso pa mimba ina tidzayambe sikelo msanga ndipo tidzanene kuti vutoli linachitikapo, chifukwa pali mapilitsi a aspirin ochepa mphamvu amene amapatsa amayi otere kuti achepetse mpata woti libwerere. Alamu anga awiri ali oyembekezera panopa, ndipo mayi wa SMAG wawalemba kale m'kabuku kake.

Amayi a Chigwirizano amene munapalira munda wathu wa nshawa ife kulibe, anzanga ogulitsa tomato amene munasonkha ya sopo ndi shuga, achimwene a ku Chipata amene munatumiza ndalama pafoni usiku womwewo, zikomo nonse. Ndi inu a njinga yamoto amene munatinyamula kupita kukiliniki osafunsa ndalama, ngongole yanu ndikuidziwa. Ndikagulitsa soya ndibwera ndekha.