CRC32 yalowa mu custom-0, PicoRV32 yasiya kukomoka

Anzanga okonda ma FPGA (ma chip amene munthu amadzipangiramo dera la magetsi lake), usiku wathawu UART, njira imene bolodi imatumizira mawu ku kompyuta, yalavula 0xCBF43926. Amene munasewerapo ndi CRC32, masamu oonera ngati data yasokonekera, mukudziwa kuti limenelo ndilo yankho la "123456789". Ndiye kuti instruction yanga yatsopano yowerengera CRC32 ikuyenda pa bolodi yeniyeni ya FPGA ya Tang Nano 9K, osati mu simulation mokha.

Chifukwa chake ndinaiyamba n'chakuti PicoRV32, purosesa ya RISC-V imene ndaiika mu FPGA, imadya pafupifupi ma cycle 4 pa instruction iliyonse. CRC ya mu C, yoyenda bit imodziimodzi, imafuna shift, AND ndi XOR pa bit iliyonse, ndiye purosesa imangotopa pachabe. Njira ya tebulo imathamangako, koma tebulolo limatenga 1 KB yathunthu, ndipo RAM ya pa kabolodi aka ndimaiwerengera ngati ufa wa kumapeto kwa mwezi. Ndinasankha opcode 0x0B, custom-0, malo amene RISC-V inasiyira anthu ngati ife kuti tiikemo ma instruction athuathu, n'kulumikiza module yanga kudzera pa PCPI, khomo limene PicoRV32 imalankhulira ndi ma module akunja. Compiler sindinaikhudze konse. Mzere umodzi wa `.insn r 0x0B, 0, 0, a0, a0, a1` mu inline assembly ndi wokwanira.

Instruction ya byte imodzi inayenda tsiku lomwelo. Itafika ya word yonse ya ma bit 32, zinthu zinaima nji. Module payokha mu simulation ya Icarus Verilog inkapereka mayankho olondola, polynomial 0xEDB88320 ili m'malo mwake, koma pa bolodi UART inali zii, pini ya trap, yosonyeza kuti purosesa yakomoka, yakwera. Ndinakayikira funct7, ndinakayikira reset, mpaka chingwe cha USB ndinachisintha. Magetsi akuzimazima kwathu ku Chilenje, ku Lusaka, ankandidula pakati pa synthesis, laputopu n'kufa, mawa lake kuyambanso.

Chinandipulumutsa ndi GTKWave, pulogalamu yoonera ma signal, nditaika core yonse mu simulation. Ndinayang'ana pamene pcpi_valid, chizindikiro choti purosesa yapereka instruction kwa module, ikukwera, n'kuwerenga ma clock ndi chala pa skirini mpaka pamene trap ikudumpha. PicoRV32 imadikira ma cycle 16 basi. Pakapanda woyankha, imati instruction imeneyi ndi yachilendo, n'kugwetsa illegal instruction. Ya byte inkatha pa ma cycle 8, n'chifukwa chake inkapulumuka, pomwe ya word imafuna 32. Mankhwala ake ndi pcpi_wait: module ikangozindikira opcode yake, ikweze chizindikiro chimenechi kuti purosesa idikirebe, mpaka idzapereke yankho ndi pcpi_ready pamodzi ndi pcpi_wr. Mzere umodzi wa Verilog, abale!

Kunena zoona, ndimaikonda core imeneyi. Claire Wolf anailemba moti munthu ungathe kuitsata yonse mu fayilo imodzi, ndipo malire a ma cycle 16 aja ndi nzeru, chifukwa popanda iwo purosesa ikanangodikira mpaka kalekale. Bolodi ndinaitanitsa ku China monga mwa masiku onse. Ma jumper ndi solder ndimagula m'tauni, kwa bambo wina wa ku Town Centre amene amandisungira zabwino chiyambire nthawi imene ndinkapanga choyezera madzi a mu thanki ndi Arduino.

Tsopano ndikufuna kutambasula ma XOR onse kuti word ithe mu cycle imodzi. Pa 27 MHz ndikuona kuti timing ilola, ndipo ma LUT (tizigawo ta logic ta mu FPGA) 8640 alipo okwanira. Zikatheka, ndilowe ku multiply-accumulate ya int8, mwina mpaka ka neural network kozindikira mawu a Chinyanja. Amene munayesapo CFU (njira yoonjezera ma instruction anuanu) pa VexRiscv, purosesa ina ya RISC-V, tandiuzeni ngati n'koyenera kusamukirako.