Zimene ndimayamba kuphunzitsa mu labotale yathu yatsopano

Munthu akapatsidwa chipinda ndi ndalama zoyambira labotale ya kafukufuku wa malungo, maganizo ake amathamangira pa zida: makina a PCR (oyezera chibadwa cha tizirombo, chomwe chimatchedwa DNA), maikulosikopu, ndiponso firiji yozizira kufika madigiri 80 pansi pa ziro, yomwe kuno siidalirika popanda jenereta chifukwa magetsi amathimathima. Zonsezi n'zofunika, komabe nthawi yanga yambiri ikuthera pa achinyamata amene ndikugwira nawo ntchito, makamaka pa kasungidwe ka zimene achita.

Aliyense akangofika, ndimamufotokozera nkhani ya chloroquine. M'chaka cha 1993, dziko la Malawi lidakhala loyamba mu Africa kusiya mankhwalawa ndi kuyamba kugwiritsa ntchito mankhwala ena a malungo otchedwa SP (Fansidar), popeza tizirombo ta malungo tidali titasiya kumva chloroquine. Patapita zaka, ofufuza adayeza magazi a odwala a ku Blantyre omwe adasungidwa kuyambira nthawi imeneyo, ndipo adapeza kuti tizirombo tokhala ndi chibadwa chopirira chloroquine tidachepa kuchoka pa 85 peresenti mu 1992 kufika pa 13 peresenti mu 2000. Kafukufukuyu adatheka chifukwa anthu ena, omwe mayina awo satchulidwa kawirikawiri, adalemba nambala ndi tsiku molondola pa magazi aliwonse.

N'chifukwa chake kwathu kabotolo kopanda nambala sikalowa mufiriji, ndipo kope la mu labotale silithothoredwa tsamba. Wolakwitsa amadula mzere umodzi pa zolakwikazo kuti zizionekabe, kenaka n'kusaina pambali.

Chovuta koposa ndi ulemu umene tidaleredwa nawo. Wophunzira amayankha kuti “Inde, Adokotala” ngakhale pamene sadamvetse, ndipo zoyeza zikakanika amachita manyazi, n'kuyamba kubwereza yekha mwakachetechete mpaka mankhwala oyezera atatha. Mankhwalawo timaitanitsa kunja ndipo amatenga miyezi kuti afike, choncho manyazi oterewa amawononga ndalama zambiri. Pa msonkhano wathu wa Lolemba lililonse, amene amayamba kulankhula ndi wamng'ono wa onse, ndipo amayambira pa zimene zakanika. Ngati kabotolo ka madzi okha, komwe sikayenera kuonetsa kanthu, kaonetsa DNA ya kachirombo, ndiye kuti penapake paloŵa litsiro, ndipo zotsatira zonse za tsikulo timazikana, ngakhale zikhale zogwirizana ndi zimene ine mwini ndimayembekezera.