Sabata ya dongo ndi timitengo ta machesi

Sabata ino ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 mutu wa polarity, kutanthauza kukhala ndi ma elekitironi okokedwera kwambiri mbali imodzi ya bondi (cholumikizira maatomu awiri) kapena ya molekyulu, ndipo vuto limene ndimakumana nalo chaka ndi chaka linabweranso. Ana akangomva kuti okosijeni amakoka ma elekitironi mwamphamvu kuposa kaboni, amathamangira kunena kuti mpweya wa CO2 ndi polar monga madzi. Sindiwaimba mlandu, chifukwa pa sikelo ya Linus Pauling, yoyezera mphamvu ya atomu yokokera ma elekitironi, okosijeni ali ndi 3.44, kaboni 2.55 ndipo haidirojeni 2.20, kotero bondi iliyonse payokha ndi polar m'mamolekyulu onse awiriwa. Chimene choko sichitha kuonetsa bwino pabolodi ndi kaumbidwe ka molekyulu yonse.

Lachiwiri anabwera ndi dongo la kudambo, ine ndinagula machesi, ndipo tinaumba timipira toimira maatomu. CO2 tinaiumba yowongoka, madigiri 180, ndipo ndinawauza kuti kaboniyo ali ngati ngolo imene ng'ombe ziwiri zofanana mphamvu zikukoka, ina kum'mawa ina kumadzulo: siisuntha, ndipo dipole moment yake, muyeso wa polarity ya molekyulu yonse, ndi 0. Madzi ndiwo anatidyera nthawi. Okosijeni wake ali ndi mapeya awiri a ma elekitironi osalowa m'bondi, amene amakankhira mahaidirojeni mbali imodzi mpaka ngodya kufika madigiri 104.5, choncho mphamvu zokokazo sizithetsana koma zimaphatikizana n'kupereka 1.85 D. Chilembo D chimenechi chikuimira debye, muyeso wa dipole moment wotchedwa dzina la Peter Debye, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1936.

Mtsikana wina wa kumbuyo, amene kawirikawiri sayankhula, anatembenuza kamolekyulu kake m'manja kwa kanthawi, kenako anati: "Aphunzitsi, ndiye madzi akanakhala owongoka, mchere sukanasungunukamo?" Funso limeneli linandisangalatsa kuposa mayankho onse a sabata yonseyi, ndipo Lachinayi tinathira mchere m'mabotolo awiri, lina la madzi lina la parafini, amene si polar. Wa m'parafini unangokhala pansi, ngakhale anyamata anakhutchumula botolo mpaka kutopa.

Lachisanu ndinawapatsa CCl4 ndi CHCl3 popanda kufotokoza kanthu. Ambiri anaona okha kuti makulorini anayi ozungulira kaboni mofanana amathetsana mphamvu, pamene kuika haidirojeni m'malo mwa kulorini mmodzi kumasiya pafupifupi 1 D. Amoniya, NH3, adakawasokonezabe chifukwa akuiumba yaphwatalala, ndiye Lolemba tiyambira pamenepo.